Ndalama za kadontho kofiira

Aphungu,

Nkhaniyi sindinauze munthu, ngakhale mng'ono wanga amene timauzana zonse.

Amuna anga anali okonza mawotchi. Chaka chatha anadwala sitiroko, dzanja lamanzere ndi mwendo zinafooka, ndipo anangoti khale pampando, kuyenda osafuna, kuyankhula osafuna. Mlamu wanga ndiye anawabweretsera makina ofufuzira zitsulo pansi, aja okhala ngati ndodo ya mbale kumapeto, amene amalira akadutsa pamene pali chitsulo. Ankati mwina awakopa kuti azituluka panja. Sabata yoyamba anangofukula misomali ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo ndinaona kuti ayamba kugwa ulesi.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinapita kwa wogulitsa zinthu zakale kumsika, ndinagula ndalama zachitsulo zamakedzana, zina zobowola pakati, n'kumakwirira imodziimodzi pabwalo iwo akagona masana. Aphungu, mukanaona! Iwo ankayendetsa makina, akalira ine n'kumakumba. Kenako ankakhala patebulo lawo lakale la ntchito, kutsuka ndalamayo ndi mswachi, kagalasi ka mawotchi kali padiso, n'kumandiwerengera chaka chake ndi dziko limene inachokera. Munthu anayambiranso kuseka. Ankati, "Mayi, pabwalo pano pankadutsa amalonda, ndikukuuzani." Ine ndinkangoti eya.

Mwezi wathawu makina analira pafupi ndi mpanda, pamene ine sindinakwirirepo kanthu. Ndinakumba ndikuyesa msomali. Dothi linali lofewa, sindinavutike n'komwe. Inatuluka ndalama. Nditaipukuta ndi chala ndinaona kadontho kofiira m'mphepete mwake.

Tinali ndi mwana wamkazi, mmodzi yekhayo. Anatisiya ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo papita zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankasunga tindalama m'kachitini ka polishi, ndipo iliyonse ankaidontheza utoto wanga wa zikhadabo, chifukwa bambo ake ankakonda kumuseleula kuti amutengerako. Atamwalira ndinatsekera zake zonse m'chipinda chake, kiyi ndinaponya m'kabati ya mbale. Dzina lake sindilitchula. Amuna anga akalitchula ine ndinkatuluka panja, mpaka anasiya.

Tsiku limene ndalama ija inatuluka, amuna anga sananene chaka, sananene dziko. Anaiyang'ana ndi kagalasi nthawi yaitali, n'kuiika padera. Patapita masiku anayi ina inatuluka pansi pa chingwe choyanikira zovala. Yachitatu pampopi. Yachinayi m'tsinde mwa sitepe ya pakhonde. Zonse za kadontho, kofiira bwinobwino. Mukuona mmene zikuyendera? Zikubwera kunyumba.

Dzulo dzuwa lili pamutu ndikusita zovala, ndinamva makina akulira m'nyumba. Ndinawapeza bambowo ataima m'kanjira ka pakati pa zipinda, mbale ya makina ataigunditsa m'munsi mwa chitseko cha chipinda chija. Makinawo ankalira osalekeza. Iwo anatembenuka n'kunena chapansipansi, "Mayi, akulira apa." Ndinathawira kukhitchini, ndipo ndinakhala komweko mpaka anawazimitsa.

Kuyambira pamenepo ndikumadutsa pakhomo paja mothamanga. Ngakhale supuni yanga yaikulu ndaipeza kawiri ili ndi dothi, ine ndisanaigwire. Kodi mwana wanga akufuna chiyani? Kapena wakwiya kuti ndikunamiza bambo ake? Ndikuganiza zokataya makinawo kudzala, koma ndi omwewo amene anawadzutsa pampando paja, ndipo akabwererapo ndikuopa kuti sadzadzukanso. Ndili ndi mantha, Aphungu. Ndithandizeni.

Mayi E. T.

Mayi E. T.,

Pepani ndi za mwana wanu. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndi dzulodzulo kwa make mwana. Koma makinawo musataye. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye khalani pansi tiwerengenso kalata yanu yomweyi.

Ndalama ikagona m'nthaka zaka zambiri imatuluka yakuda kapena yobiriwira, dothi litaikakamira, ndipo utoto wa zikhadabo sungapirire mvula zonsezo. Zanuzo zikuyera n'kungozipukuta ndi chala, ndipo zikutuluka m'dothi lofewa, lokumbidwa kumene. Komanso ine chibadwire sindinamvepo mzimu wobwereka supuni kukhitchini. Wokumba ndi supuni ndi munthu wa dzanja limodzi, amene khasu lamukanika. Inu mukapita kumsika panyumba amatsala ndani? Nanga kiyi mukuti ali m'kabatiyo, munamuyang'ana liti?

Chinanso, musadzinamize mayi. Munthu amene wakalambira kuyang'ana tizitsulo ndi kagalasi sangalephere kusiyanitsa ndalama ya pansi ndi yogula kumsika. Anakugwirani tsiku loyamba lomwe. Anakhala chete chifukwa anaona kuti n'chikondi, ndiye aphunzira njira yanuyo n'kukuyankhani nayo. Pakamwa munawatseka kalekale. Atsala ndi makinawo basi, ndipo akukutengani pang'onopang'ono, ndi mwendo wokoka womwewo, kuchokera kumpanda mpaka pakhomo paja. Matenda ngati awo amakumbutsa munthu kuti masiku sayembekeza. Bamboyo akufuna kulira mwana wake limodzi ndi inu, nthawi ikadalipo.

Chitani izi. Yambani ndinu kuulula za kumsika zija, ndipo musadabwe akakusekani. Kenako muwafunse mosazungulira kuti, "Bambo, kachitini kaja kali kuti?" Chipindacho mutsegule m'mawa, mazenera onse pululu. Ngati mtima ukukana, muuzeni mng'ono wanu abwere adzakhale pakhonde. Simukuyenera kutulutsa kanthu tsiku limenelo. Kungolowa nonse awiri n'kukhala pabedi, zakwana.

Mwina akana, anena kuti si iwo. Ine sindidziwa zonse, ndipo sindinaime nawo m'kanjira kanuko. Koma ngakhale zitatero, amene akukwirira ndalamazo sanakupwetekeni ndi kamodzi komwe. Wangoyenda kuchokera kumpanda kudzaima pachitseko, ndipo akudikira kuti mutsegule.

Chenjezo langa ndi limodzi: musadikire kuti makina alirenso. Amuna anu anadwala kale kamodzi, ndipo mukachedwa chitseko chimenecho mudzatsegula nokha, popanda wokhala naye pabedi paja. M'kalata yonseyi mwandiuza za mpanda, za kagalasi, ngakhale za supuni, koma dzina la mwana simunalembe. Musandiuze ine. Kawauzeni bambo ake lero lomwe, mokweza, ndipo akalibwereza musatuluke panja.

Aphungu