Mazira ali m'makina, bambo ali pabalaza

Agogo,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Biriwiri kuno ku Ntcheu. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho mundikhululukire ngati nkhani yanga ikhale yokhotakhota. Mtima wanga suli m'malo ndipo ndasowa womuuza.

Ife amayi a m'mudzi muno tili ndi gulu lathu. Chaka chino tinasonkherana n'kugula makina oswetsa mazira a nkhuku, aja oyendera magetsi, kuti tizigulitsa anapiye pamsika. Pokambirana za kosungira makinawo, wapampando wathu, mayi Christobel, anati, “Apite kwa Esnath. Uyu akatseka chitseko amabwereranso kukachigwedeza kuti aone ngati watsekadi. Mazira akufuna munthu wotere.” Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Magetsi a kuno, Agogo, amabwera osaodira ndipo amachoka osatsanzika. Tsiku lina amazima m'mawa n'kuyaka dzuwa litapendeka, tsiku lina amangophethira ngati akukukodola. Ine ndimamvera chigayo cha patsidya. Chikangoti zii, ndimadziwa kuti azima, ndipo ndimataya khasu kapena keni kudimba n'kuyamba liwiro. Tsiku lina ndinathawa pokonzekera kwaya nyimbo ili m'kamwa. Ndikafika ndinkatsegula kachitseko ka makina n'kumagwira mazira limodzilimodzi, ena kuwaika patsaya kuti ndimve ngati akadali ofunda. Ndikatseka, mtima umati, kodi la pakona lija unaligwira? Basi nditsegulenso. Ndinkachita zimenezi mpaka ana a m'mudzi akuwe kuti “Ayakaaa!”

Patatha masabata atatu anaswa anapiye ochepa chabe, osadzaza n'komwe chipewa cha bambo akunyumba. Mazira ena onse anasukuluka.

Pamsonkhano wa gulu ndinafotokoza za magetsi. Koma mayi Tisungane, amene amatiphikira thobwa pa maukwati, anapukusa mutu. Anati, “Musanamizire magetsi inu. Kale tikamaphika mowa wa pamwambo kapena kuotcha mbiya, eni ntchito ankadika, bambo kwake mayi kwake mpaka ntchito ithe. Apo ayi mowa unkasasa, mbiya zinkasweka. Nanga dzira si chinthu chanthete kuposa mbiya? Tiuze Esnath, m'nyumba mwanu munadika inu?”

Agogo, ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wina kumbuyo anakuwa kuti, “A Silvester aja adike? Mwaiwala kuti mwana wachinayi uja anabadwa mnzake asanalimbe miyendo?” Mayi Christobel analetsa phokoso, n'kugamula kuti gulu ligulenso mazira ndiyesenso kamodzi. Zikakanika, makina asamukira kwina.

Ndiye tsiku limene tinaika mazira atsopano ndinawayalira bambo mphasa pabalaza. Mabulangete athu onse ndinafunditsa makina, ngakhale lolemera lija limene apongozi anga aamuna anabwera nalo kuchokera ku Joni. Bambo ndinawasiyira kansalu ndi jekete lawo. Inu mukudziwa chisanu cha ku Biriwiri mwezi wa Juni, mpaka madzi a m'ndowa amaluma zala.

Poyamba a Silvester ankangochita nthabwala, chifukwa ndi munthu woseka. Anati, “Amake Atikonda, ine ndimayesa ndinakwatira mkazi, kani ndinakwatira thadzi?” Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atagwada pafupi ndi makina akulankhula ndi mazira. Amati, “Akuluakulu, tafulumirani kuswa. Mnzanu ndikutha ndi mphepo kuno, inu mwafunda za bambo anga.” Ndinaseka mpaka misozi.

Koma masiku ano kuseka kwachepa ndipo ayamba kutsokomola. Chimene chinaipitsa zinthu n'chakuti mayi Christobel anabwera kudzaona makina bambo ali pakhonde akusankha kachewere. Anandiuza mosangalala kuti, “Awa akangoswa bwino, tiikamo ena tsiku lomwelo. Makina asamapume, chaka chonse anapiye okhaokha!” Ndinaona bambo atasiya kusankha. Mlendo atachoka anandifunsa, “Chaka chonse? Ndiye kuti mphasa ija ndi yanga mpaka kalekale?” Zimenezi ndinali ndisanaziganizirepo.

Dzulo bambo anandiuza kuti Loweruka anyamuka kupita ku Kasinje kwa mchemwali wawo. Anati, “Kumeneko n'kofunda, ndipo kulibe mazira ondilanda malo. Ndidzeranso kwa a Fanizo ndikawauze kuti m'nyumba mwanga mwalowa mwamuna wina wa mawaya.” A Fanizo ndi malume anga, ankhoswe athu. Chikwatiranireni sitinawaitanepo pa mlandu, ndiye lero akhale pansi chifukwa cha mazira a nkhuku? Nkhani yake ndikaiyamba bwanji pamaso pa malume anga?

Mazirawa atsala ndi sabata ndi masiku pang'ono. Ndikawabweza bambo kuchipinda, mazira n'kusukulukanso, amayi adzadziwa chimene chinachitika ndipo sindidzadutsanso pachitsime. Ndikawasiya pabalaza, Loweruka apita. Ndine munthu wopemphera, koma kwa abusa sindingapite nayo nkhaniyi, manyazi. Chakudya sichikulowa. Ngakhale panopa ndikulemba khutu lili kuchigayo.

Ndithandizeni Agogo, ndiwabweze kapena adikebe?

E.Z., Biriwiri, Ntcheu

Mayi E.Z.,

Abwezeni lero. Musadikire Loweruka, musadikire anapiye. Pindani mphasa ija, chotsani bulangete la ku Joni pa makina mulibwezere pakama, ndipo muwauze a Silvester mawu awiri okha: “Pepani bambo.” Mwamuna amene wapirira chisanu cha ku Biriwiri masiku onsewa akuseka ndi wosowa, musamuyese mopitirira.

Za makolo ine sindizinyoza. Koma makolo ankadika pa ntchito yokhala ndi mathero: mowa upse, mbiya zizizire, aliyense abwerere kwake. Palibe gogo amene anaika lamulo la makina osapuma chaka chonse. Komanso taganizirani nkhuku za m'mudzi mwanu. Thadzi limafungatira kuseri kwa chitseko, m'chipinda chomwecho chimene bambo ndi mayi amagona, ndipo limatuluka ndi anapiye ake mbalambanda. Kodi munamvapo kuti banja linadika chifukwa nkhuku yakhalira mazira? Tikanatero bwenzi m'Malawi muno mulibe ana.

Chimene chinapha mazira oyamba aja ndi kuzizidwa. Mbali ina ndi ya magetsi, koma mbali ina, mwana wanga, ndi ya kachitseko kaja. Munkachita ndi mtima wabwino, koma nthawi iliyonse imene munkatsegula kuti mumve ngati mazira ali ofunda, kufunda komweko kunkathawa. Makina otseka amasunga kutentha kwa nthawi ndithu ngakhale magetsi atazima. Choncho akazima, manja kumbuyo. Ngati mtima ukukuvutani, tulukani panja mukasese pabwalo.

Kufunditsa makina n'koyenera, koma pokhapokha magetsi akazima, ndipo musatseke timabowo topumira chifukwa mwanapiye ali m'dzira amafuna mpweya. Akayaka, vundukulani, mungaphike mazira a gulu. Zofunditsazo zisakhale za pakama panu. Mayi aliyense wa m'gulu abweretse bulangete lakale kapena thumba loyera. Magetsi akachedwa kwambiri, thirani madzi ofunda m'mabotolo, muwakulunge m'nsalu n'kuwaika mozungulira makina mkati mwa zofunda. Muzizulanso pulagi akazima, n'kuibwezera akayaka n'kukhazikika, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoopsa n'kuotcha katundu.

Kenako pitani kwa mayi Christobel. Makina ndi a gulu, nkhawa nayonso ikhale ya gulu. Musanaikemo mazira ena, funsani kumene munagula makinawo ngati angayendere batire kapena sola, ndipo gulu liganizire zogula zimenezo, wolumikiza akhale wodziwa ntchito yake. Kuyembekezera magetsi okha kuli ngati kudzala kabichi m'chilimwe opanda chitsime. Muzigawananso masiku olondera kuti inu muzitha kumaliza nyimbo kukwaya. Ndipo muzifunsa ogulitsa mazira ngati nkhuku zawo zimayenda ndi tambala, chifukwa dzira lopanda tambala silingaswe ngakhale mudzi wonse utadika.

Mayi Tisungane musakangane nawo. Ndi akulu, apatseni ulemu wawo. Koma za kuchipinda kwanu si nkhani ya pamsonkhano. Akadzafunsanso, sekani n'kunena kuti, “Zimenezo amadziwa ndi ankhoswe,” basi mupitirize za anapiye.

Sindikunamizani kuti mazira onse aswa. Mwina ena azizidwa kale, ndipo zikatero simudzakhala inu woyamba kapena womaliza. Ngati gulu lingasamutse makina, asamuke, mudzapeza tulo. Koma ndikuona kuti mukasiya kutsegulatsegula, ulendo uno chiwerengero chikwera. A Silvester apatseniko udindo wovundukula ndi kufunditsa. Munthu akapatsidwa gawo pa ntchito sachitanso nayo nsanje. Chifuwa chawocho chikapitirira, apite kuchipatala.

Chenjezo langa ndi ili: musayerekeze kuika mbaula ya makala pafupi ndi makina m'nyumba yotseka pofuna kufunditsa mazira. Mpweya wa makala umapha mwakachetechete, anapiye ndi eni nyumba omwe. Ndipo Loweruka likamafika, a Fanizo asamve kalikonse. Mazira akasukuluka gulu lidzagula ena pamsika, koma a Silvester simudzawapeza pamsika uliwonse, ngakhale mutayenda kuchokera ku Biriwiri mpaka ku Manjawira.

Agogo