Mlamu Akuti Anatola Malukidwe a Amayi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tikudzuka, kungoti nyamakazi yawagwira Amayi m'zala moti chipeso chikumawapulumuka. Ku saluni amabwerabe, koma amangokhala pampando wa pakhomo n'kumatikalipira tikakhotetsa mzere.

Nkhani ndi ya akazi anu.

Lachiwiri lapitali kasitomala wina, ndikumumasula tsitsi, anandipatsa foni yake kuti ndione kanema. Ndinaona mlamu ataima m'chipinda cha magalasi okhaokha, azimayi ambirimbiri atamuzungulira ndi makope. Pamutu pa chidole panali malukidwe a Amayi, aja a mizere itatu yokumana pankhongo, amene iwo anaphunzira kwa amayi awo. Pakhoma panali dzina la mlamu, zilembo zake zikuluzikulu ngati za pabasi.

Kasitomalayo anatimasulira zimene mlamu amalankhula m'chilankhulo cha kwawo kunjako. Akuti malukidwewo anawapeza akufa pakati pa amayi osauka osadziwa chimene ali nacho, ndiye iye anawatola, kuwakonza, n'kuwapatsa moyo.

Akufa, achimwene? Nanga ine amene ndimaluka mitu isanu patsiku mpaka msana kuuma, ndimaluka maliro?

Amayi anaonera katatu, foni ili pafupi ndi mphuno. Kenako anafunsa kuti, "Nanga pamene akunditchula ine ndi pati? Kapena mwapitirira?" Anabweza foniyo, napempha kuti ndiwaperekeze kunyumba dzuwa likadali pamutu.

Mukukumbukira miyezi inayi imene munamusiya mlamu kuno. Ankakhala pakampando kofiira, kumawatcha "Amayi anga", kumajambula zala zawo. Akapotoza chilankhulo chathu tinkaseka naye limodzi. Tinkati tapeza m'bale.

Musadzandiuze kuti n'kukonda chikhalidwe chathu. Wokonda timamudziwa. Namwino wina wochokera kunja watha zaka zisanu ndi chimodzi akulukitsa kuno. Atafuna kuphunzira kuti aziluka mwana wake, anayamba wapempha, ndipo Amayi anamuphunzitsa ndi mtima wonse. Munthu akamuyamikira mumsewu, iye amamubweretsa mpaka pakhomo pathu n'kumuuza kuti eni ake ndi awa.

Komanso dziwani izi. Mwezi watha mwana wanga wamkazi anamubweza kuntchito kuhotela chifukwa cha malukidwe omwewa. Bwana wake akuti tsitsi lotere si laulemu pamaso pa alendo, amete kapena avale wigi. Malukidwe omwewo, kwanuko akuwaombera m'manja.

Tsopano ndiulule changa, chifukwa chikundidya. Kamfundo kotsekera kaja, kobisika, kosafuna ulusi, Amayi anamukaniza mlamu. Anati kameneko amaphunzitsa mwana wobereka okha. Ndine ndinamuonetsa, tsiku lina iwo atapita kuchipatala. Anandinyengerera kuti ndine mchemwali wake weniweni, kuti manja ngati anga sanawaonepo. Ine n'kukomedwa ngati mwana. Mpaka lero Amayi akuganiza kuti anaba ndi maso, ndipo akudziimba mlandu kuti sanatchinge bwino ndi dzanja. Zoona zake sindinawauzebe.

Koma inunso muli ndi lanu. Ndinakuonani m'kanemamo, pakona, mutavala jekete la buluu. Pamene akazi anu ankati amayi osauka osadziwa kanthu, inu munkagwedeza mutu kuvomera. Amayi sanakuzindikireni, maso awo afooka, ndipo ine sindinawalozere. Sukulu imene inakufikitsani kumeneko inatuluka m'zala zimene zapindikazi.

Ndalama zake sitikuzifuna. Aime pamaso pa ophunzira ake omwewo, atchule amene anamuphunzitsa, abweze mawu oti akufa aja. Atitumizire kanema wake tione, Amayi amve dzina lawo makutu akadali kumva. Ine ndilimba mtima, ndiwauza za kamfundo Lamlungu lino. Inu lankhulani ndi wanu. Mukalephera, tchuthi chikubwerachi mubwere ndi ana okha.

Mulungu akusungeni, akupatseni ndi pakamwa. Mundiperekere moni kwa ana, muwauze kuti agogo awo amawafunsa tsiku lililonse. Kwa mlamu sinditumiza moni, angadzati anautola yekha.

Ndine mlongo wanu,
Woluka tsitsi