Tsaya Langa Lamanzere

Okondedwa achemwali anga a Magadalena,

Landirani moni wochokera kuno ku Kasina. Kaya muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana uko ku Mzuzu? Amayi ali bwinoko, akungodandaula kuzizira. Ine ndilipo.

Sindinaimbe foni chifukwa pakamwa panga sipakutseguka bwino, mawu anga simukanawamva.

Sabata yatha ngolo yathu inagubuduka pamtsetse tikuchokera kudimba, ndipo chitsulo cha m'mbali chinandimenya kumaso. Ndinadzuka n'kuyamba kutola mbatatesi zomwe zinamwazika. Amuna anga a Ezara ndi amene anandiuza kuti ndikhale pansi, magazi akutuluka m'mphuno.

Kutacha, diso lamanzere linali litatupa, lakuda kuzungulira. Nditalikanula ndi chala ndinaona a Ezara awiri. Ndikati ndilume, mano akumwamba ndi akumunsi osakumana. Phala linkayenderera pachibwano ine osadziwa.

Kuchipatala ku Boma adokotala anandipapasa kumaso konse, nati apeza pamene fupa latsika. Anandiuza kuti nditsatire chala chawo ndi maso, koma diso lija linakana kuyang'ana kumwamba. Kenako anatenga thonje nati ndinene ndikamva akundikhudza patsaya ndi pamlomo. Ndinadikira, n'kuwauza kuti ayambe. Anati andikhudza kale.

Atandijambula, zinaoneka kuti fupa la tsaya linathyoka n'kulowa mkati, nsagwada nayo inang'aluka. Andiletsa kumina. Akuti ndipite ku Lilongwe akakonze mafupawo asanagwirane mokhota. Za dzanzi ati mwina lidzatha, mwina ayi.

Azimayi a kumphakati amabwera kudzandizonda, ena amalira. Ine ndimangowayang'ana. Ndimafufuza mantha mumtima mwanga, sindiwapeza. Chisoninso palibe.

Nkhani ndi ya mwana wanga Tikondwe. Chigwereni ngoziyi sanandiyandikire. Amandisuzumira ali kuseri kwa chitseko, ndikamuitana amathawa. Dzulo anafunsa bambo ake kuti amayi abwera liti, ine nditakhala pomwepo.

Achemwali, bwerani mudzakhale naye pamene ine ndi a Ezara tili kuchipatala. Amayi sangathe kuthamanga naye. Anthu amati nkhope zathu n'zofanana, mwina inu adzakulolani kumubereka.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mng'ono wanu,
Bernadetta