Chikwangwani pa Chitsime Chathu

Okondedwa Azakhali,

Kodi analamula ndani kuti tizidikira lipoti la boma madzi akununkha? Pepani, muli bwanji kumeneko?

Kuno tilipo, kungoti zonyansa za kufakitale ya zikopa zikulowabe m'chitsime chathu. Makalata anga anayi abala chikwangwani chokha choletsa kutunga, mpopi ayi. Mayi akutungabe. Akuti, "Iwe wadigiri, tizimwa chikwangwanicho?"

Kamwana ka achemwali, kaja munakatumizira juzi, kanatsegula m'mimba sabata yatha. Mukaimba foni musakafunse.

Dzulo bwana wa zaumoyo anati, "Mphwanga, boma silithamanga." Ndinawaikira botolo la madziwo patebulo kuti alawe. Anangolisuntha n'kuitana wotsatira.

Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga chidebe n'kukawathandiza mayi kutunga.

Ndine mwana wa mchimwene wanu.