Zimene Kamlomo Waphunzira Teremu Ino

Lolemba, 3 Malichi

Amayi akadali m'chipatala. Chifuwa chachikulu, ndipo satuluka msanga. Kunyumba tatsala awiri, ine ndi mlongo wanga Kamlomo wa kalasi lachitatu. Dzinalo anamupatsa ndi amayi chifukwa pakamwa pake sipatsekeka.

Mawu a amayi sandichoka m'mutu: asadziwe aliyense. Azakhali akangomva kuti tili tokha abwera kudzamutenga K., akamusandutsa wolera ana awo, sukulu n'kuthera pomwepo. Anatero kale ndi msuweni wathu. Eni nyumba ndimawauza kuti amayi akugwira ntchito ya usiku ndipo masana amagona. Ndimayanika diresi lawo pachingwe kuti zimveke.

Eni nyumba ndi osavuta. Chovuta ndi sukulu ya K. Amene anakonza maphunziro a kalasi lachitatu anachita ngati akusaka ifeyo. Lero mutu unali wakuti Banja Lathu, jambulani anthu a m'nyumba mwanu. Wajambula ine, iye, ndi mphaka wa eni nyumba. Ndati awonjezere amayi. Akuti, "Madamu anati amene ALIMO, achimwene." Ndajambula ndekha ndi dzanja lamanzere kuti zioneke zachibwana. Akuti amayi aoneka ngati tsache.

Lachitatu, 5 Malichi

Magulu a zakudya. Lembani zimene munadya dzulo. Iye walemba chilungamo chake: tiyi, mpunga, mpunga. Bokosi la zomanga thupi lopanda kanthu, la zoteteza ku matenda lopanda kanthu. Wafika akulengeza ali pageti, "Achimwene, thupi langa silikumangidwa!" Atelala a khomo loyandikana nafe anaimitsa makina.

Ndamukokera m'nyumba. Tayeserera: mawa ukanene dzira, mkaka, lalanje. Akufunsa kuti lalanjelo tinadya liti iye osaona.

Lachinayi, 6 Malichi

Sayansi. Nyemba m'zitini ziwiri, china pawindo, china mumdima kunsi kwa bedi la amayi. Ayenera kuthirira zonse ndi kukaonetsa pakutha pa teremu. Amagwada n'kumailankhula ya kunsi kwa bediyo, ati isaope.

Watsokomola kangapo ndikuphika. Ndi fumbi la kunsiko. Fumbi basi.

Loweruka, 8 Malichi

Kuchipatala. Ana salowa m'wodi ya amayi, ndiye K. ndinamusiya kwa atelala, ndati ndikupita kokawerenga. Ndinalankhula ndi amayi pawindo. Khosi lawo latsala ngati la botolo. Anandifunsa za mayeso anga, za kunyumba, kenako, "Mwanayo sakutsokomola?"

Ndati ayi.

Anamwino anandiona. Ndi omwe aja anati tonse a m'nyumba tibwere kudzayezedwa, tili ndi munthu wamkulu. Ndinazemba kuseri kwa thanki yamadzi mpaka anadutsa. Munthu wamkulu ndimutenga kuti? Yekhayo amene alipo ndi azakhali.

Lamlungu, 9 Malichi

Pilo wake wadzuka wonyowa ndi thukuta. Ndamuyanika kumbuyo kuti atelala asaone.

Lachiwiri, 11 Malichi

Madzi afika m'khosi.

Lero aphunzira za ukhondo ndi matenda. Madamu awaphunzitsa kanyimbo kowomba m'manja, koti chifuwa chikakhalitsa uza wamkulu, thamangira kuchipatala. Wakayimba njira yonse, wakayimba akusamba, chifuwa chikumudula pakati pa mawu. Kenako wabwera kudzaima pafupi ndi mbaula ndikukoleza moto.

"Achimwene, wamkulu ndi inu kapena Madamu?"

Ndati ndine.

"Ndiye ndakuuzanitu."

N'kupita kukathirira nyemba zake. Ndinakhala pamenepo ndikukupiza moto woti wayaka kale.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndamupatsa madzi otentha a mandimu ndi shuga. Ndamuuza kuti chikamubwerera m'kalasi azipempha kupita kuchimbudzi, azikatsokomolera komweko. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso a amayi enieni.

Lachinayi, 13 Malichi

Mayeso a masamu kusukulu kwanga. Ndinalemba dzina, n'kumangoyang'ana pepala. Mnyamata wina kumbuyo anatsokomola ndipo ndinatembenuka ngati andiitana. Aphunzitsi akuti, "Iwe wapakona, mayankho sali pankhope ya mnzako." Anthu kuseka. Palibe amene amadziwa dzina langa bwinobwino m'kalasimo, ndipo kale zinkandikomera.

K. wapatsidwa chilango chotola zinyalala chifukwa chotuluka pafupipafupi. Sanaulule. Wanena yekha monyadira, "Sindinanene kanthu, achimwene, ndinangotola." Kamlomo wathu, wotseka pakamwa chifukwa cha ine. Chakudya wangochigwiragwira. Siketi ya yunifolomu ndaimanga ndi pini, ikugwa.

Aphunzira kugawa zinthu pakati. Wadula buledi wake, theka n'kundipatsa. Akuti matheka awiri akaphatikizana amapanga chimodzi chathunthu. Ndatuluka panja.

Lachisanu, 14 Malichi

Lolemba ndi tsiku loti makolo akaone ntchito za ana za teremu yonse. Aliyense abwere ndi kholo ndi nyemba zake. K. ndiye wasankhidwa kufotokoza za sayansi, chifukwa cha pakamwa pomwepo.

Ndinaganiza zopempha atelala kuti akakhale amayi athu kwa ola limodzi. Ndinafika mpaka pakhomo pawo. Iwo, pini ili kukamwa, "Amayi ako tulo take n'totani, osadzuka ngakhale Lamlungu?" Ndati ndabwera kudzabwereka ulusi.

Loweruka, 15 Malichi

Sindinapite kuchipatala. Amayi andifunsanso funso lija.

Lamlungu, 16 Malichi

Watulutsa chitini cha kunsi kwa bedi. Nyemba ya pawindo ndi yaifupi, yobiriwira, masamba gwa. Ya mumdima yatalika kuposa inzake koma yoyera ngati ulusi, khosi lopindika, ikulephera kuima yokha. Waichirikiza ndi pensulo.

K. akayenda kuchoka pakhomo kufika pampopi akumapumira m'mwamba. Ndawerenga m'buku lake lonse la sayansi ngati muli china choti ndingachite ndekha. Mulibe. Akamutenga azakhali ndamutaya. Ndikamusunga muno... sindilemba.

Lolemba, 17 Malichi

Ndinajomba, ndinapita ndine. Ndinanyamula zitini zonse ziwiri. Ife makolo anatikhazika patimipando ta ana, mawondo kufika pachibwano. Bambo wina akuti, "Koma bambo awa ndi achichepere bwanji," anthu kuseka.

Makoma onse ntchito za teremu. Mawotchi a makatoni, matheka a mabwalo opakidwa utoto, magulu a zakudya. Dzira, mkaka, lalanje, m'zilembo za K. Pamwamba pa bolodi, amayi a tsache aja.

Ana anayimba kanyimbo ka chifuwa, makolo akuwomba nawo m'manja. K. sanayimbe. Ankandiyang'ana.

Kenako nthawi yake. Anaima kutsogolo, chitini kudzanja lililonse. "Mbewu kuti ikule bwino imafuna madzi, mpweya ndi..." Chifuwa chinamugwira pomwepo. Anayesa kuchimeza, nkhope kutupa, misozi. Anaika zitini pansi bwinobwino, n'kukweza dzanja. "Madamu, ndipite kuchimbudzi."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira liti. Kampando kanagwa kumbuyo. Ndinangomva mawu anga akuti, "Usapite. Tsokomolera pompano."

Madamu anatitulutsira pakhonde. Ndinanena zonse, za amayi, za diresi la pachingwe, za azakhali. Sanandikalipire. Anangoti tsache lija analiona kalekale kuti sanajambule ndi K., ana a kalasi lawo sajambula makutu. Ndati chonde azakhali asamve. Akuti, "Sindikulonjeza zimene sindikudziwa, mwanawe. Tiyambe ndi chifuwachi. Za azakhali ndikakambirana ndi mayi ako pawindopo." Anasiya kalasi m'manja mwa aphunzitsi ena, n'kutenga chikwama.

Ndikulemba ndili pabenchi la kuchipatala. K. ali mkati ndi Madamu, ndikumumva akuuza anamwino magulu a zakudya. Chitini cha nyemba yoyera ija anakana kuchisiya, chili pamwendo panga, pensulo yagwa.

Chitseko chatseguka. Anamwino aja. Akuti ndilowe nanenso.