Mawu Anga, Dzina la Vernell

Lolemba, 2 Okutobala 1967
Nyimbo yanga yalira pa wailesi lero! Ndinali ku saluni, chipeso chamoto m'manja, ndikuwongola tsitsi la Mayi Hargrove. Ndinakuwa, "Ndine ameneyo! Ndine!" Azimayi onse kuwomba m'manja. Itatha, woulutsa uja akuti, "Ameneyo ndi Vernell Whitlow, mwana wathu wa muno mu Memphis."

Vernell. Mng'ono wanga.

Ndawawotcha khutu Mayi Hargrove.

Lachiwiri, 3 Okutobala
Mwina angosokoneza maina. Mwina.

Lachitatu, 4 Okutobala
Sanasokoneze. Ndinapita ku situdiyo kwa Bambo Tolliver, amene anandijambula nyimboyo mu Julayi. Ndinawapeza akudya nsomba yokazinga, osandipatsa ndi mpando womwe. Chimbale chili patebulo: chithunzi cha Vernell, atavala diresi langa lobiriwira lomwe anabwereka ati akupita ku ukwati.

Iwo akuti, "Odessa, mawu uli nawo, palibe angatsutse. Koma anthu amagula ndi maso. Zaka 34, ana awiri. Pachikuto ndiikepo chiyani, epuloni?"

Akuti V. anasaina mapepala mu Ogasiti. Ogasiti! Akugona m'nyumba mwanga, ine ndikumuphikira.

Lachisanu, 6 Okutobala
V. wabwera yekha, tsitsi lokonzetsa kwina. "Asisi, musakwiye. Pakanapanda ine chimbalecho sichikanatuluka n'komwe. Si dzina la banja limodzi?"

Kenaka chomwe anadzera. Loweruka la sabata yamawa akaimba pa siteji, ndiye pamene nyimbo imakwera mawu ake safikapo. Akuti ndikaime kuseri kwa katani ndi maikolofoni, iye azikangoyasamula.

Mwana amene ndinamulera amayi atamwalira. Kupuma pakati pa nyimbo ndinamuphunzitsa ndine, dzanja langa lili pamimba pake.

Ndinangoti, "Iwe, ubweze diresi langa." Anaseka, kuyesa nthabwala.

Lamulungu, 8 Okutobala
Abusa amuimiritsa V. kutsogolo, mpingo wonse "Ameni! Ameni!" Itafika ndime yanga m'kwaya, woimba limba anandidikira, n'kubwereza, n'kundidikiranso. Kukamwa gwa. Zaka makumi awiri sizinandichitikirepo.

Lachiwiri, 10 Okutobala
Masana ndinasiya kasitomala mutu uli wonyowa n'kukwera basi kupita ku wailesi. Mtsikana wa pakhomo akuti woulutsa uja, Bambo Rucker, saonana ndi anthu wamba. Chabwino. Ndinaika chikwama pansi n'kuyamba kuimba pomwepo m'khonde, kuyambira pamene pamakwera paja.

Chitseko chinatseguka. Bambo wamkulu thupi, ndudu pakamwa, kundiyang'ana ine, kuyang'ana chimbale chili m'manja mwake.

"Bwerezaninso pamenepo, mayi."

Ndinabwereza.

"Ambuye Yesu. Tolliver mbava iwe." Anandikoka dzanja mpaka m'kachipinda kake, n'kundikankhira maikolofoni. "Chimbale chikupitachi chikangotha, tili pa mphepo. Muwauze nokha."

Nyali yofiira inayaka. Manja akununkhabe mafuta a tsitsi. Ndinadziwa kuti ku saluni wailesi ili yotsegula, kwa V. nakonso.

Dzina langa ndinalitchula kawiri.