Phukusi Lomwe Ndinalandira ndi Manja Awiri

Amalume okondedwa,

Landirani moni wanga. Kuno ku Lifidzi tili bwino, chifuwa cha amayi chija chatha. Kaya inu ku Joniko?

Mwamva kale kuti andichotsa mu selesau, timu ya dziko ija munkainyadira. Ndikufuna mumve kwa mwini wakene. Tisanasewere, bambo wina waimvi anabwera kuhotela nandipatsa phukusi, ati mphatso ya womwetsa zigoli. Ndinalandira ndi manja awiri, osalimasula iwo akuona, monga munatilerera. Mawa lake ndinaphonya penate. Akuluakulu a mpira atafufuza anapeza phukusilo lili chimangire, mkati muli ndalama. Basi, akuti ndinagulitsa masewero.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi ku Fonte Boa, wina anakuwa kuti, "Zeka, mwendo wakowo ukugulitsa bwanji?" Ndinangopita kukampu, bwalo lathu la mpira, n'kumenya mapenate mpaka phazi kutupa.

Ndawalembera akuluakuluwo kuti aunikenso mlandu wanga, ndipo sindisiya. Chonde munditumizire nsapato za mpira, zanga zang'ambika. Kachewere ndikulima, inde, koma mpira sindinautaye. Analakwa ndi manja, amalume, osati mwendo.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Zeka